Peugeot 504 ya amalume: ndiitenge kapena ndingoitanitsa ka Vitz?

Mphwa_wa_ku_Chadiza

Muli bwanji nonse. Ndabwera ndi funso kwa inu amene mumakonda motoka zakalezi. Amalume anga kumudzi ku Chadiza ali ndi Peugeot 504 ya pick-up, ya petulo, imene ankanyamulira thonje ndi nshawa kupita nazo ku depoti. Yaima pansi pa mtengo wa mango kwa zaka ndithu, matayala anaphwa kalekale, nkhuku zikuikira mazira kumbuyo kwake. Manje amalume akuti maso awo sakuonanso bwino sangayendetsenso, ndiye akuti iwe mphwanga bwera udzaitenge isanathere pompa, ungondisiyira ya sopo basi. Anyamata ogula zitsulo anabwera kale kudzaifunsa koma amalume anawathamangitsa ndi ndodo kkkk.

Vuto ndi lakuti ndalama imene ndasunga ndimafuna kuitanitsira ka Vitz kapena ka IST ku Japan monga achitira anzanga kuntchito, ndipo onsewo akundiseka kuti ukatenga chi Peugeot malipiro ako azithera kwa amakanika. Koma ine mtima uli pa chi 504 chija, ndinakulira kumbuyo kwake pamwamba pa masaka. Ndiye ndiuzeni zoona, inu amene mumayendetsa zakale chimakukokani n'chiyani, ndi chikondi chabe kapena pali nzeru yake? Ndipo ndikati ndiitenge ndiyambire pati?

Makanika_wa_Kapata

Achimwene itengeni koma musaitenge ndi phuma. Ine 504 ndinayamba kuigwira ndikali wonyamula masipanala, ndipo chimene ndimaikondera n'chakuti zonse zili poyera, ukatsegula boneti injini yonse ukuiona itagona chopendekera, kabuleta apa distributor apo, palibe kompyuta yoti mpaka uitane munthu wa makina adzaiwerenge. Ikazima pa msewu wa ku Vubwi nthawi zambiri nkhani zake ni ziwiri chabe, kaya moto sukufika ku mapulagi kaya mafuta sakufika ku kabuleta, ndipo zonsezo munthu umazipeza ndi sikuludilaiva, sipanala ndi ka sandipepa kopalira ma points, tizitsulo tija todula moto mu distributor.

Koma mukafika kumudziko musangoika batire n'kuyamba kuliza ayi, injini zambiri zabwino zimafera pamenepo. Chotsani mapulagi onse anayi, mudonthezere oilo pang'ono m'mabowomo, igone usiku, m'mawa muzungulitse injini ndi dzanja pogwira nati ya pulley ya kutsogolo. Ikazungulira bwino bwino mwayi wanu, ikakana musakakamize ndiye kuti ma ring agwira dzimbiri. Petulo amene anatsala mu tanki mutayiretu yense, amakhala atauma n'kusanduka utomoni umene umatseka ma jet a kabuleta, tanki yomwe muichotse muitsuke chifukwa mkati mumakhala dzimbiri. Poyesa koyamba ine ndimakoka mafuta kuchokera mu chigubu choyera.

China chimene ambiri sadziwa, injini ya 504 ili ndi masilivu ochotseka, madzi amazungulira kunja kwake. Ubwino wake ni wakuti ikatha simupita kukaboola block, mumangosintha masilivu ndi mapisitoni injini n'kubwerera mwakale. Kuipa kwake ni ma seal a pansi pa masilivuwo, akatha madzi amatsikira mu oilo. Ndiye solani dipstick muone, oilo ikakhala yotuwa ngati tiyi wamkaka dziwani kuti injini itsika. Head yake ni ya aluminium siifuna kutentha olo pang'ono, ikawira kwambiri imapindika, ndiye radiyeta, mapaipi a madzi, water pump ndi fan belt muyambire pamenepo musanaganize za penti. Achinyamata mumathamangira penti ndi wailesi, zimenezo n'zomalizira.

Mugwadenso pansi muone chasisi, makamaka pamene pagwira masipuling'i a kumbuyo, ndipo mukweze mphasa za m'kabini muone ngati pansi sipanabooke. Motoka yoima pansi pa mango masamba amadzaza m'makona n'kumasunga madzi a mvula chaka ndi chaka. Makoswe nawo amakhala atadya mawaya. Mabuleki ndiye osakambirana, marabala onse a m'ma cylinder ndi mapaipi ake musinthe olo akuoneka abwino. Kuchoka ku Chadiza ibwere pa lole kapena yokokedwa ndi chitsulo, osati chingwe.

Mayi_wa_ku_Petauke

Ine ndiyankhe monga mkazi wa munthu wodwala matenda amenewa, chifukwa apa azibambo akuuzani zokoma zokhazokha. Abambo akunyumba kwanga ali ndi Land Rover yakale, amaikonda kuposa ndiwo za nkhuku. Loweruka lililonse munthu ali pansi pa motoka miyendo yokha ikuoneka, pakhonde panga sipayera ndi oilo, mabeseni anga ochapira anasanduka otsukira ma bearing. Tikagulitsa chimanga mumangomva kuti kagiya kena kakulira, tikagulitsa soya eti ma shock. Ndipo tsiku limene mwatchena kupita ku ukwati ndi limene imakana kulira, n'kumakankha inu amayi mutavala chitenje chatsopano anthu akuonerera.

Sindikuti ndi yoipa, pa maliro kumudzi mvula ili mkati imeneyi ndiyo imafika pamene tima Japan tonse tatitimira pa dambo, zimenezo sindingakane. Koma funso langa kwa inu achimwene, muli pabanja? Ngati muli pabanja mukambirane ndi amayi akunyumba musanakatenge, chifukwa chikondichi chimakhala cha bambo koma olipira ndi nyumba yonse. Ndiponso muganizire ana. Zakalezi zilibe ma airbag, malamba ena anaola, ndipo pick-up mpando wake ndi umodzi wakutsogolo basi, ana muziwaika kuti, kumbuyo? Pa Great East Road paja mabasi a ku Lusaka mmene amathamangiramo ine mwana wanga sakwera kumbuyo kwa pick-up.

Mdala_109

Amayi a ku Petauke mwakamba zoona zonse ndipo mupereke moni kwa mnzanga wapansi pa motokayo, muwauze kuti sali okha.

Mwana wanga wa ku Chadiza, wafunsa chimene chimatikoka, ndiyese kukuyankha. Ine ndili ndi Land Rover Series III ya 109, ya petulo, ndimakhala mbali ya ku Mambwe. Mtundu umenewu anayamba kupanga 1971 n'kusiya 1985, ndiye ona wekha kuti yaing'ono pa zonse ili ndi zaka zingati. Sithamanga, imamwa mafuta, mkati mumalowa fumbi, pokhota umalimbana ndi chiwongolero mpaka mapewa kuwawa. Koma ndikakhala pa mpando paja motokayo ndimaimva yonse. Ndimadziwa kulira kwake ikakhala bwino, ndimadziwa ikayamba kudandaula, kanthu kakamasuka kumbuyo ndimadziwa ndi kati ndisanatsike. Ndikafika pa matope ndimatsindika kandodo kachikasu kaja matayala onse anayi agwire, pakavuta zenizeni ndimakoka kofiira, n'kumapita pang'onopang'ono ikubuula koma osaima. Motoka za lero umangokhala n'kuponda, ikayatsa kanyali pa dashboard mwini wake sudziwa chimene chavuta, umangoimika n'kuimba foni. Ine palibe bauti pa Land Rover yanga imene dzanja langa silinaigwirepo, ndiye ndikati ndi yanga ndimakamba zoona.

Inu ana simunaone nthawi ya a Kaunda. Motoka sinali ya aliyense. Fiat ankazimanga konkuno ku Livingstone ndipo kuti upeze yatsopano unkadikira, ndalama zakunja zinali zosowa ndiye masipeya anali osowanso. Ife ambiri ulendo wa ku Lusaka unali wa basi ya UBZ. Amene anali ndi 404, 504, Datsun 120Y kapena Land Rover ankaisamala chifukwa ikafa panalibe ina, ndipo amakanika a nthawi imeneyo anaphunzira kudula gasket pa katoni ndi kusula kachitsulo kosowa. Zinasintha pambuyo pa 1991 pamene malonda anatseguka n'kuyamba kulowa zogwiritsidwa kale ntchito za ku Japan, kuyambira pamenepo anthu anaphunzira kuti motoka ikatopa umataya n'kuitanitsa ina. Sindikunyoza, zathandiza anthu ambiri, aphunzitsi ndi manesi lero akuyenda pa zawo zimene kale kunalibe. Koma zimandiwawa kuona 504 yathunthu ikudulidwa ndi grinder n'kukwezedwa pa sikelo.

Ndipo 504 si motoka wamba. Inatuluka 1968, chaka chotsatira inasankhidwa kukhala motoka yopambana ku Ulaya, ndipo inawina Safari Rally ya ku Kenya 1975, pa misewu yoipa kuposa ya ku Chadiza. Masiku amenewo mipikisano ya motoka tinkaitsatira kwambiri, pambuyo pake tinadzakhala ndi wathuwathu Satwant Singh amene anatenga ukatswiri wa Africa kangapo. Ya saluni ija pa msewu wa mabampu imayenda mofewa zoti ukhoza kugona, pick-up ndi yolimbirako kumbuyo chifukwa cha masipuling'i a katundu, imakoma ikasenza.

Pali chinanso chimene sungagule. Ndikaima pa Down Shops kapena ndikapita ku Nc'wala ku Mtenguleni, sipalephera mdala wina kubwera kudzagwira boneti n'kuyamba kundiuza za imene ankayendetsa ku boma kapena ku mishoni, mpaka timagawana manambala, mawa lake ndi amene amakuuza kuti kwakutikwakuti kuli diff yangokhala. Wa Vitz ndani amamuimitsa kuti acheze naye?

Koma ndikuchenjeze kumodzi, usaiyese motoka ya ulendo wa ku Lusaka mwezi ndi mwezi. Mapiri a pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa amayesa radiyeta pokwera n'kuyesa mabuleki potsika. Yanga mabuleki ake onse ndi a drum, akatentha amafooka, ndiye ndimatsika ndi giya yaing'ono anthu akundiimbira hutala kumbuyo, ine osawamva.

Kamnyamata_ka_Vitz

Madala ndakumvani koma tiyeni tikambe za mafuta. Ka Vitz injini yake ni 1.0 kapena 1.3, chi 504 cha kabuleta cha zaka zimenezo mungachiyerekeze? Petulo mmene wadulira manje, inu mudzayenda sabata imodzi pa mwezi masabata enawo chili pa mawe. Masipeya a Toyota shopu iliyonse mu tauni muno alimo, a Peugeot mudzawapeza kuti? Zokumbukira ubwana sizilipira pa filling station bwana. Jambulani chithunzi muli pa boneti musunge mu foni, chitsulocho mugulitse.

Makanika_wa_Kapata

Mfana wa Vitz pa mafuta wawina, palibe angakutsutse. Koma kweza masaka khumi a fetereza mu ka Vitz kako upite nako ku Chadiza mu Januwale tione. Kali pafupi ndi pansi, sump imagunda miyala, ndipo tambiri ta kuyambira 2005 tili ndi giyabokosi ya CVT imene siifuna katundu wolemera ndiponso siifuna oilo wolakwika, ikafa palibe zokonza pansi pa mtengo umangosaka ina yathunthu. Ndiye zimatengera munthu ukufuna igwire ntchito yanji. Kunyumba kuntchito kutchalitchi, Vitz. Munda, njerwa, makala, mbuzi, ni nkhani ina.

AG200_wa_ku_Lundazi

Mwakamba za matayala anayi zokhazokha, ife a matayala awiri matendawa tili nawonso. Ine ndili ndi Yamaha AG200 yakale, mtundu uja ankayendera alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo m'midzi, ya keriya kutsogolo ndi kumbuyo, tcheni chake chotsekeredwa mu chikesi kuti matope ndi udzu zisalowe, choimikira mbali zonse ziwiri. Anzanga a pa siteji ali ndi ma Boxer ndi ma TVS atsopano onyezimira ndipo pa bizinesi yonyamula anthu iwo ali bwino, mafuta pang'ono sipeya paliponse, sindingawanamize. Koma tikalowa njira za ku Chama kapena kutsikira ku chigwa ine ndimangopita iwo akutsika kukankha.

Ndilinso ndi DT125 imene ndikuidzutsa pang'onopang'ono, imeneyo ndiye chikondi chenicheni chifukwa phindu palibe. Ni two-stroke, imafuna oilo wake wa 2T mu katanki kapambali, imatulutsa utsi, imalira mokwiyitsa agalu a mudzi wonse, koma ikafika pamene imatsegukira paja imakukoka mpaka umaseka wekha mu helemeti. Amene anakwerapo akudziwa. Chenjezo kwa ogula DT yakale, pampu ya oilo ija muiyese kaye, ikafa mwakachetechete pisitoni imagwira muli pa liwiro, n'chifukwa chake ambiri amangosakaniza oilo mu petulo momwe kuti mtima ukhale pansi. Ina yosafa ni Honda CG125, injini yake anaipanga dala kuti ipirire anthu osasintha oilo pa nthawi yake, mpaka lero njinga zambiri za ku China injini zake anatengera pomwepo.

Kwa achimwene a 504 langizo langa ndi lakuti muphunzire kugwira sipanala nokha. Chakale ukamapereka kwa makanika pa kalikonse ndiye zoona a Vitz anena, chikudya. Koma ma points, mapulagi, oilo, kusintha fan belt, kuchotsa mpweya m'mabuleki, zonsezo munthu umaphunzira Loweruka limodzi limodzi, ndipo kukomako kuli pomwepo, ukaikonza wekha n'kuiponda kiki n'kulira tsiku lonse umayenda chifuwa chili patsogolo.

Mphwa_wa_ku_Chadiza

Zikomo nonse, sindimayembekeza mayankho otere. Amayi a ku Petauke ndili pabanja ndithu, ndawawerengera zimene mwalemba aseka mpaka misozi, akuti mabeseni awo ndisawayandikire. Iwo maganizo awo ni akuti ngati izithandiza ku munda ndi kunyamula katundu wa ka shopu kawo ibwere, koma ndalama ya sukulu ya ana isakhudzidwe. Ndaimbira amalume akuti white book, chikalata cha umwini wa motokayo, ilipo ili mu sutukesi pamodzi ndi makadi a tchalitchi. A makanika ndifunsenso ziwiri, masipeya anthu akuwapeza kuti masiku ano? Ndipo wina kuntchito akuti ndingochotsa injini ya Peugeot ndiikemo ya Toyota ya dizilo, mukuona bwanji?

Makanika_wa_Kapata

White book ngati ilipo mwapulumuka pa vuto lalikulu. Chitani change of ownership amalume akali moyo ndipo akutha kusaina okha, mulemberane kalata yogulitsana olo mtengo wake ndi wa sopo, pakhale mboni za kubanja, ana awo adziwe. Motoka ya pa mudzi ikangodzuka n'kupakidwa penti eni ake amachuluka. Muyerekeze nambala ya chasisi ndi ya injini ndi zimene zalembedwa mu bukumo, chifukwa madala akale ankasintha mainjini osalembetsa. Kenaka pitani ku RTSA, ofesi ya boma yolembetsa motoka, mukafunse za road tax ya zaka zimene yakhala itaimazo musanaononge ndalama pa zitsulo, mudziwiretu. Fitness ikadzafika adzaona magetsi, mabuleki, matayala, chiwongolero, ndiye zonsezo zikhale mu bajeti, inshuwalansi yomwe. Matayala osagula akale ongooneka mano, muone manambala anayi a m'mbali aja, awiri oyamba ni sabata awiri omaliza ni chaka chimene linapangidwa.

Masipeya alipo koma amafuna kusaka. 504 inapitiriza kumangidwa ku Kenya ndi ku Nigeria mpaka zaka za m'ma 2000, ndiye zinthu zotha msanga monga ma points, ma gasket, ma ring, marabala a mabuleki zikupangidwabe, mukhoza kuitanitsa kudzera ku Lusaka, ndipo musaiwale kuti ife Lilongwe ili pafupi kuposa Lusaka, kungodutsa pa Mwami. Zovuta ni za bodi, magalasi, magetsi a kutsogolo, zogwirira zitseko, zimenezo mumazipeza pa inzake yakufa, ndiye mukamva kuti kwina kuli 504 yogona pitani msanga a zitsulo asanafike. Mukadzathira petulo ku Malawi kumbukirani kuti wawo amasakaniza ndi ethanol wa ku nzimbe, mapaipi a rabala akalekale sagwirizana naye, muikiretu atsopano.

Za injini ya Toyota, zimatheka ndipo ambiri achita, 2L kapena 3L ya mu Hilux pamodzi ndi giyabokosi yake, mafuta mumapulumutsa ndithu. Koma si ntchito ya tsiku limodzi, ma mounting osula, propshaft yodula n'kulumikiza, ekizozi, mawaya, radiyeta yokulirapo, ndipo dizilo ndi yolemera kutsogolo kumatsika. Wowotcherera akalakwitsa pang'ono motoka imanjenjemera moyo wake wonse. Muyeneranso kukalembetsa injini yatsopanoyo kuti igwirizane ndi buku. Ine ndikanati yambani mwaona yakeyo, ngati ikuzungulira ndipo compression ilipo musaichotse.

Mdala_109

Injini ya Hilux mu 504?? Mwana wanga ukachita zimenezo uzingoti ndili ndi pick-up, dzina la Peugeot ulisiye. Kukoma kwa motoka ija ndi injini yake yomwe, imalira mosalala, iwe ukufuna uikemo chogogoda choti galasi lizivina pa robot. Amalume ako akadzaimva ikubwera adzafunsa kuti thirakitala ya ndani iyo. Koma ngati wa kuntchitoyo akugonjetsa ndithu, injini yakaleyo usapereke kwa a sikelo, undiuze kuno, pali mnzanga ku Katete akusaka head ndi kabuleta ya 504 kuyambira chaka chatha ndipo ndalama ali nayo m'manja.